Bwalo la Malipenga Limene Tinapereka ku Tauni

Ndikukumbukira chaka chimene anthu oyeza malo anafika kwathu, kumtunda pang'ono kwa Chintheche. Ndinali kamtsikana ka ku pulaimale, kometedwa mpala, zidendene zong'aluka. Anabwera pa galimoto yoyera atanyamula chipangizo cha miyendo itatu chosuzumiramo ndi diso limodzi, ndipo paliponse pamene adutsa ankasiya chikhomo chopakidwa utoto wofiira kumutu. Mkulu wawo anali bambo wa ku Dowa, wolankhula Chichewa chosalala ngati cha pawailesi. Ife ana a Chitonga tinkamulondola kuti timve katchulidwe kake, kenaka n'kukamuyerekeza kuseri kwa tchalitchi mpaka nthiti kuwawa ndi kuseka.

Nkhani inali yakuti kwathu kumangidwa tauni. Osati timagolosale tiwiri titatu ayi, koma tauni yeniyeni: fakitale yaikulu, misewu ya phula, nyumba za antchito zondondozana, magetsi. Akuti zonse zinali kale papepala, mpaka malo amene adzukulu athu azidzagula buledi.

Ine ndinaikonda tauniyo isanamangidwe. Tikaweruka kusukulu, ine ndi mlongo wanga Wongani tinkathamangira kuzikhomo. Iye ankayendetsa basi yake ya waya potsata mzere wa zikhomozo, ine ndili ndi sitolo yanga pomwepo, ndikugulitsa mchenga m'malo mwa shuga. Ama akatisiyira chinangwa choyanika kuti tizichiyang'anira, mbuzi za m'mudzimo zinkadya ngati kuukwati.

Bambo anga, amene tinkawaitana kuti Ada monga mwa chikwathu, anali munthu wofatsa, wa khasu ndi ukonde. Mkati mwa sabata simukanawasiyanitsa ndi wina aliyense. Koma Loweruka ankasanduka munthu wina. Ankavala kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, n'kutenga ndodo ndi kampango m'manja kupita kumalipenga, gule wa amuna kwathu. Kusita zovalazo inali ntchito yanga, ndipo mpaka lero fungo la simbi ya makala limandipatsa mantha, chifukwa kamphulusa kamodzi kugwera pa kabudula uja kanali mlandu. Ada ankaimba badza, lipenga la chipanda chouma, lomwe limalira ngati njuchi zambiri zogwirizana nyimbo imodzi.

Gulu lawo, lomwe kwathu timati boma, linali ndi bwalo lake pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango. Pansi pabwalopo panali pouma gwa ngati pasimenti, osati poti wina anazira, koma ndi mapazi. Ada ankati bambo awo anavina pomwepo, amalume awonso chimodzimodzi. Amuna akaponda pamodzi, ife okhala m'mbali tinkamva kugunda kukwera m'miyendo mpaka pachifuwa.

Tsiku lina masana tinapeza chikhomo chofiira pakati penipeni pa bwalolo. Ada anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandigwira dzanja kuti ndikawathandize Chichewa chikawathawa. Tinawapeza bambo a ku Dowa aja atakhala pamthunzi wa galimoto.

"Pepani bambo," anatero Ada, chipewa chili m'manja. "Chikhomo cha pamango paja n'chachiyani?"

"Pamenepo padzakhala depoti ya mabasi, bambo anga."

"Nanga ife tizivinira kuti?"

Munthuyo sanali woipa mtima. Anatambasula mapu pa boneti, nayendetsa chala uku ndi uku, akufunafuna moona mtima. Kenaka anadzikanda m'mutu.

"Apa palembedwa kuti ndi malo opanda kanthu," anatero motsitsa mawu. "Koma musadandaule. Tauni ikamangidwa padzakhala holo. Muzidzavinira m'nyumba, mvula osakunyowetsani."

Ndinkayembekeza kuti Ada akwiya. Sanakwiye. Pobwerera, tili pafupi kufika kunyumba, anandiuza m'Chitonga kuti: "Amalume ako onse ali ku Joni. Ngati tauni iyi ichititse kuti iwe ndi Wongani mudzagwire ntchito konkuno, ndizikuonani tsiku ndi tsiku, bwalo n'kanthu kochepa." Ndi iwo amene anakanyengerera anzawo a m'boma kuti asavute.

Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti avine komaliza. Anaitana boma la ku Kande, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Dzuwa linali lowotcha, fumbi likununkha sopo ndi thukuta. Malipenga a kwathu safuna phuma. Mwamuna amanyamula phazi pang'onopang'ono, khosi lili njo, ngati dziko lonse lingamudikire. Tsiku limenelo Ada anavina mochedwetsa kuposa masiku onse. Ndinaona Ama, amene ankakonda kunena kuti malipenga amatha sopo, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Sabata yotsatira kunabwera katapila. Ife ana tinakuwa ndi chimwemwe mtengo woyamba utagwa, n'kuthamangira kunthambi kukathyola mango aawisi amene kale sitinkawafikira. Tinadya ndi mchere mpaka mano kuyayamira, ndipo mawa lake theka la kalasi yathu silinapite kusukulu chifukwa cha m'mimba.

Kenaka zii. Mvula itayamba, makina aja anachoka, akuti abwera ikatha. Inatha, inabweranso, inathanso. Chiswe chinadya zikhomo, udzu unamera pamene panayenera kuima mabasi, ndipo patapita zaka anthu anayamba kudzalapo chinangwa. Boma la Ada linasamukira ku bwalo la mpira la kusukulu, koma kumeneko kunali mchenga wokhawokha, kopanda mthunzi. Ada ankabwerako masokosi ali mbuu, n'kunena kuti, "Pansi paja sipayankha." Amuna anayamba kujomba mmodzimmodzi. Loweruka lina Ada sanandiuze kuti ndikoleze makala a simbi, ndipo sanandiuzenso. Wongani atakula anapita ku Joni. Ine ndinakagwira ntchito ya uphunzitsi ku Mzuzu, kumudzi n'kumangopita patchuthi.

Lero kwathu kwakula, koma kwakula mwa njira yakeyake, nyumba apa, chigayo apo, njinga zamoto zili piringupiringu, malo ogona alendo atandandalika m'mbali mwa nyanja. Malipenga sanafe. Anyamata amavinabe pa zikondwerero, ndipo amavina bwino, ngakhale kwa ine amafulumira pang'ono.

Chaka chatha kunali msonkhano wokonza dongosolo latsopano la mmene dera lathu lidzakulire m'zaka zikubwerazi. Anautsogolera mtsikana wophunzira, wa msinkhu wa mwana wanga. Atafotokoza za misika ndi ngalande, anafunsa ngati pali malo a mbiri yathu amene tikufuna asakhudzidwe. Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu, n'kutchula bwalo la malipenga lija. Wongani, amene anabwerera kumudzi ndi imvi zake, anati amuperekeza nane.

Tinayenda naye mpaka kuseri kwa chigayo. Wongani anaima n'kunena kuti ndi pompano. Ine ndinakana, ndinati panali kutsogoloko, pamene pali nyumba ya malata obiriwira. Tinakangana ngati tili ana, uyu akuloza chulu, ine ndikuloza njira ya kumadzi imene inasuntha kalekale. Mtsikanayo anadikira moleza mtima, cholembera chili m'manja.

"Amayi, ndilembe pati?" anafunsa.

Ndinayang'ana kuchulu, ndinayang'ananso kunyumba ya malata obiriwira. Masiku ano amafunsa, ndipo ndi bwino kuti amafunsa. Koma amuna amene akanayenda molunjika mpaka kuima pakati penipeni pa bwalo lija, ngakhale atatsinzina, onse tinawaperekeza kumanda. Tatsala ndife amene tinkaonerera tili m'mbali, maso ali pa mango.