Mwala Wachitatu wa Aphunzitsi

Aphunzitsi a masewera opuma ntchito a ku Maseya amakhala okha pakhonde, kuwerenga. Chimwalirireni wosewera wawo atagwa pabwalo ndi kutentha kwa Okutobala, amafunafuna kafukufuku aliyense wonena za kuthamanga padzuwa. Mapepalawo amawaunjika milu iwiri, onena kuti n'koopsa apa, otsutsa apo, n'kupsinja ndi miyala kuti asauluke. Anthu anatopa nayo nkhaniyi, ndipo anasiya kudzacheza.

Tsiku lina mayi Estere oyandikana nawo nyumba anatola mwala wachitatu, womwe pansi pake panalibe pepala, kuti akatsekere khola.

"Ubwezeni, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Mapepala onsewa anayeza anthu a kumayiko ozizira. Pamenepo ndasungira malo mapepala amene adzalembe za ife a kuchigwa kuno. Chaka chachisanu chino, sanafike."