Nsapato ya a Chimphepo Yafika Pansi

Mumsewu monse munalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni atelala aja. Ankangoti a Chimphepo, ndipo eni ake akamva dzinalo ankakonza kolala. Analipata ali mnyamata, atagula njinga ya mpikisano yofiira, ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala oonda ngati chala. Mutu unachita imvi, ana anakula n'kuchoka, makina osokera anatha n'kugula ena, koma njinga inali yomweyo.

Vuto linali limodzi, ndipo eni ake sankafuna kuti litchulidwe: njingayo inawatalikira. A Chimphepo anali munthu wamfupi. Chishalo anatsitsa mpaka pomwe chinathera, komabe akatambasula mwendo nsapato inkalephera kufika pansi, kutsala kampata kongodutsa chala. Kutsetserekera kutsogolo sankayerekeza, pakuti chitsulo chapakati chinawaphunzitsa kale ulemu. Choncho ankakwera ndi kuima pokhapokha pamene pali popondera. Kushopu kwawo kunali sitepe ya pakhonde. Kunyumba kunali mwala wafulati pambali pa geti, umene iwo ankati unangopezeka pamenepo, mwayi wa munthu wabwino.

Pakati pa mwala ndi sitepe sankaima, kaya mwawaitana, kaya mwawakodola. Ankangokweza dzanja n'kudutsa. Anthu ankati atelala ndi onyada, moni wawo ndi wa m'malere. Zinkawapweteka, chifukwa anali munthu wokonda macheza, koma ankaona kuti bola kutchedwa wonyada kusiyana n'kutchedwa wamfupi.

Kenaka anthu a mapaipi anakumba msewu, nachoka osabwezeretsa phula. Kunatsala mchenga ndi timiyala, ndipo matayala oonda aja ankangozama. A Chimphepo anagwa koyamba ali ndi suti ya kasitomala kumsana. Atagwanso anabinya dzanja lamanja, logwirira sizasi lija. Akazi awo, mayi wosanena chinthu kawiri, analimanga dzanjalo ndi nsalu, mfundo n'kuikoka mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

"Abambo, mukagwanso, njinga iyi ndiipachika kudenga. Muzikwera minibasi ngati anzanu."

A Chimphepo anachita mantha enieni. Munthu wa m'minibasi angamutchenso Chimphepo ndani? Dzanja litangopola anaikankha njinga kupita nayo kwa mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene ankakonza njinga m'kashedi kuseri kwa msika.

"Ikanimo matayala onenepa, alamu. Basi, musakhudze china."

Mlamuyo anayesa tayala limodzi. Linakhula foloko, chitsulo cha mphanda chogwira wilo chija, mbali zonse, osazungulira n'komwe.

"Alamu, inu ndinu telala. Mwendo ukanenepa, thalauza lili lomwelo, mumatani?"

"Timamasula msoko."

"Eya, koma chitsulo chilibe msoko. Taonani, folokoyi ndi yothina kumtunda, kumunsi ndi yotambasuka. Tikaika mawilo ocheperako, tayala lonenepa lipeza malo."

"Mawilo aang'ono? Mukufuna ndizioneka ngati ndabwereka njinga ya mdzukulu wanga?"

"Kapena mukufuna muziiona mutayang'ana kudenga?"

Apa a Chimphepo anazindikira kuti nkhani ya kudenga inawatsogolera kale kufika kushedi. Anakhala pa tayala lakutha, manja m'masaya, n'kumaonerera mawilo a unyamata wawo akutsamiritsidwa kukhoma. Atalowa mawilo atsopano, mabuleki akale analephera kufika pa limu, ankangoluma tayala, ndiye mlamu anaika ena a mikono yaitali. A Chimphepo ankausa moyo pa nati iliyonse. Ntchito itatha anaizungulira njinga ija n'kunena kuti ikuoneka ngati mkwati wovala magambuti.

"Mawu amodzi, alamu," anatero mlamu uja akupukuta girisi m'manja. "Njingayi yatsikako pang'ono. Pokhota musamapalase, pedulo igunda pansi."

"Mukuphunzitsa ine kukhota? Ndinayamba kukhota inu mukuvala matewera."

Anapondera pa bokosi la zitsulo n'kukwera, mlamu akuwatsatira pa njinga yake. Atafika pamchenga anauma thupi kudikira kuzama, koma njinga inangodutsa pamwamba. Timiyala tija sanatimve n'komwe. Chimwemwe chinawadzadza mumtima, ndipo monga mudziwa, munthu akasangalala malangizo amatulukira khutu linalo. Pa kona yomaliza, poonekera geti lawo, anaona akazi awo ataima, manja m'chiuno, anansi awiri ali pambali. A Chimphepo anawerama ngati kale, anaipendeketsa njinga, n'kupalasa.

Pedulo inagunda pansi, khwee! Wilo lakumbuyo linadumpha, njinga n'kuyamba kugwera kumanzere. M'maso mwawo munabwera denga, chingwe, ndi mzere wodikira minibasi. Mwendo unatambasuka wokha, mwachizolowezi cha munthu amene akugwa, ndipo nsonga ya nsapato inakumana ndi nthaka. Inagwira. A Chimphepo anapezeka ataima pakati pa msewu, ali pachishalo, popanda mwala, popanda sitepe. Anayang'ana nsapato yawo ngati ya munthu wina.

Akazi awo anabwera osafulumira.

"Mwagwa?"

"Ndaima."

"Ndaona." Anawasansa fumbi paphewa, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, musanabwerere mundithandize kuchotsa mwala uwo pageti, ntchito yake yatha. Msana wanga sulinso ngati tsiku limene ndinkaugubuduza."

"Munaugubuduza ndinu?" anafunsa a Chimphepo, mawu atachepa.

"Nanga mumayesa unamera? Titangolowa m'nyumba ino munkatsikira pa ndowa yanga yochapira, mpaka inaphwanyika. Ndinakautenga kumtsinje uko mwalawo, inu muli kuntchito."

Mlamu anaseka mpaka kutsamira mpanda, anansi nawonso osadzigwira. A Chimphepo manyazi anawagwira, koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china. Zaka zonsezo mayiyu ankadziwa, ndipo ngakhale pa mikangano yawo yoopsa, pamene munthu amatola chilichonse choti agendere mnzake, sanawatchulepo kuti wamfupi. Anawakonda akazi awo pamenepo kuposa tsiku limene anawafunsira.

"Mwalawo usachoke," anatero, akukonza kolala imene inali yokonzeka kale.

Masiku ano a Chimphepo amafika mochedwa kushopu. Amaima kwa wogulitsa nyuzi, amaima kwa wometa, amaima kufunsa za mwendo wa agogo a pakona, ndipo anthu amene kale ankadandaula kuti atelala sapereka moni tsopano amabisala akakhala ndi changu. Dzina lija silinasinthe, kungoti olitchula amamwetulira. Koma madzulo akafika pageti, ngakhale nthaka ili ponseponse, phazi amaponda pamwala.