Bokosi la Chitsulo Linandidanitsa ndi Mlamu Wanga

Inu owerenga, ine ndinayalutsa munthu wosalakwa pamaso pa abale ake, chonsecho wolakwa ndinali ine. Mtima wanga ndi wokayikira chibadwire. Munthu akandimwetulira ndimayamba ndagwira m'thumba.

Ndili ndi kashopu pa Mvera, momwe ndimataipira anthu makalata ndi kuwatumizira mafomu pa intaneti. Kompyuta yanga ndi yamakedzana, ija ya chibokosi. Anaidzutsa ndi mlamu wanga Yohane, mchimwene wa mkazi wanga, yemwe ankakonza mafoni ndi makompyuta pamsika pomwepo. Anaikamo zida zatsopano, kuphatikizapo kachipangizo kokokera netiweki kuchokera pa foni popanda waya, kokhala ndi timaeriyo tiwiri kumbuyo. Kwathu kuno mapiri amatchinga, foni imagwira pazenera pokha. Ndinkaisiya pamenepo, kompyuta n'kumakoka ili patebulo, ndipo ntchito inkayenda bwino zedi.

Akuba atathyola shopu yoyandikana ndi yanga, ndinakawotcheretsa bokosi la chitsulo chokhuthala, ndi loko wake. Ndinalowetsamo kompyuta yonse, timaeriyo n'kutipinda kuti chitseko chitsekeke, n'kukankhira kunsi kwa tebulo. Dzulo lake Yohane anali atabwera kudzaitsegula kuti achotse fumbi.

Kuyambira pamenepo netiweki inangoti zii. Kamzere kamodzi, nthawi zina osaoneka n'komwe. Fomu imodzi kutha ola lathunthu, makasitomala akudandaula pakhomo. Za bokosi sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Maganizo anga anathamangira kwa amene anatsegula makina. Nditamva kuti Yohane wagulitsa kompyuta kwa mphunzitsi wina wa ku Dzoole, ndinati basi, chida changa chapita kumeneko, ine wandiikira chakutha.

Ndinamuimbira foni. Anafunsa pomwe kompyuta yakhala, ndipo nditamuuza anaseka. Anati chitsulo chimatchinga, ndiitulutse, apo ayi abweretse waya wotalikitsa kuti timaeriyo tikhale kunja, toimirira, kufupi ndi zenera. Ha! Kusekako kunandilasa mtima. Ndinati akufuna andipusitse, abwerenso adzazule zina. Mkazi wanga anandichonderera kuti ndingoyesa kaye. Ndinamuuza kuti magazi ndi amodzi, akubisirana.

Mwezi womwewo tinapita ku Ntchisi kukaona chiliza cha apongozi anga aakazi. Anthu atadya, amalume a mkazi wanga anayamba kuyamikira Yohane poyendetsa bwino mwambo. Ine ndinadzambatuka osapatsidwa mpata, n'kunena kuti amene akumuyamikirayo ndi wakuba. Yohane anangowerama. Nkhani inakafika pa Mvera ife tisanafike. Ndani angasiye foni yake kwa wakuba? Anthu anasiya kupita kwa iye.

Ndinafuna umboni woti ndimumalize nawo, choncho ndinatulutsa kompyuta m'bokosi muja kuti ndipite nayo kwa wokonza wina ku Salima. Ndisananyamuke panabwera mayi wina ndi fomu yachangu. Ndinangoilumikiza ili patebulo, n'kuwongola timaeriyo. Abale inu, timizere tonse tinadzaza! Nditaibweza m'bokosi tinazimirira. Nditaitulutsanso tinabwerera. Ndinachita katatu konse, thukuta lili chuchuchu.

Ndinakamupeza Yohane akumanga katundu, akusamukira ku Mponela. Ndinagwada pansi, ndinapepesa. Anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Alamu, munanditcha wakuba pamwambo wa mayi anga, mtundu wonse ukumva. Lero mukudzapepesa kuseri kwa shopu, tili awiri?"

Mpaka pano ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi.

Inu owerenga, makina akavuta, yambani mwadzifunsa chimene inuyo mwasintha musanaloze munthu chala. Eriyo siitsekeredwa m'chitsulo, imafuna poyera. Ndipo wodziwa ntchito akakuuzani zoti muyese, yesani, sizitha ndi mphindi zisanu zomwe. Akulu anati pepani sapoletsa chilonda, ine ndaona ndi maso.

Ndinabwerera ku Ntchisi kukabweza mawu anga, koma mwa anthu onse amene anadzaza bwalo tsiku lija, ndinapezako amalume ndi azakhali awiri okha. Enawo anabalalika nalo dzina lija m'midzi mwawo. Mwana wamkazi wa Yohane amaphunzira kumudzi komweko, ndipo anzake mpaka lero amamutcha mwana wa wakuba.