Mabotolo Awiri a Mpunga wa Achemwali

Achemwali, ndakwiya nanu. Papita zaka zitatu chikugundireni lole ya fodya ija pa Santhe, ndipo lero ndatsegula sutikesi yanu. Ndapezamo mabotolo awiri a mbewu ya mpunga, timapepala ta mayina chiswe chinadya. Munthu wa digiri ya zaulimi kudalira pepala, zoona? Ndidziwa bwanji botolo la mbewu yobereka?

Paja chaka chija ndinakuthandizani kudambo munali ndi mizere iwiri yoyeserera. Wina unali wabwinobwino, wina maluwa ake analibe mungu, unkabereka ndi mungu wa mnzakewo. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndinasunga mbewu ya mzere wachiwiriwo poti unkaoneka wonenepa. Chaka chotsatira dimba lonse linangoimika ngala zopanda kanthu. Munandithamangitsa ndi mpini wa khasu mpaka m'munda wa fodya wa eni ake, n'kunditema pachipumi, magazi chuchuchu. "Galu iwe! Kusowa mungu kumatsata mayi, bambo wa mzere winawo sangakuchotse! Mchewa wanji wosadziwa kuti mwana ndi wakuchikazi?" Kenako munang'amba chitenje chanu n'kundimanga bala, mukutukwanabe. Koma loleyo itakuphwanyani, ine ndinasowa pomanga.

Mvula yayandikira, ndipo mbewu yanu yatsala yomweyi. Ikagonanso chaka, ifa. Ndibzala mabotolo onse awiri moyandikana monga munkachitira, ndidzasuzumire duwa lililonse kuti ndione mzere wokhala ndi mungu. Ndikalakwitsanso, dambo lonse lidzangokhala zii, ndipo zimenezo, achemwali, sindikukhululukirani.