Ndinasamutsa Malemu Amuna Anga

Manyazi amandigwirabe. Koleji ya boma inkalemba aphunzitsi poyang'ana kumene munthu akuchokera, ndipo malo a anthu akumpoto anali atadzaza. Mwana wanga Yohane ankaifuna ntchitoyo, koma malemu bambo ake anali a ku Rumphi.

Atcheyamani a chipani atabwera kudzatsimikiza kuti Yohane ndi wa ku Dedza, anandifunsa kwawo kwa amuna anga.

"Konkuno ku Kasina," ndinatero, maso ali pansi.

"Mayi, suja ndinaperekeza nawo maliro ku Rumphi, galimoto n'kutifera pa Jenda? Kuno mwana ndi wa kwa amake. Mukunamiranji?"

Yohane anayamba ntchito. Ine ndinakana amuna anga ulere, nditavala zakuda za maliro awo omwe.