Tsiku limene amayi anamva mwala ukulira

Ndili m'chaka chomaliza kuyunivesite, aphunzitsi athu anatiuza kuti aliyense abwere ndi mwala wakwawo woti aufufuze. Ine kwathu ndi ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, kumene miyala timachita kupunthwa nayo. Kumunda kwa amayi kuli thanthwe lotuwa limene timayanikapo makaka a chinangwa. Ndinapitako ndi malume anga, tinagumula chibenthu ndi nyundo, n'kuchiika m'thumba la feteleza.

Malume anachimangirira panjinga mpaka kumsewu. Aliyense wokumana nafe ankafunsa ngati tikukagulitsa chinangwa.

"Ndi mwala," ankayankha malume osaseka n'komwe. "Mwanayu akupita nawo kusukulu. Akuti akaumvetsere."

Amayi, amene ankatiperekeza, anangogwira pakamwa. "Anzako akubwera ndi shuga kuchokera m'tauni, iwe ukututira miyala komweko?"

Kulabotale tinaboola chibenthucho n'kutulutsamo timiyala toburungira, totalika ngati chitsononkho. Ntchito yake inali yotere: mwala timauika pakati pa zitsulo ziwiri za makina amene amaupanikiza pang'onopang'ono. M'mbali mwake timamatamo timabatani tomva phokoso, timene timati masensa. Mwala usanasweke, m'kati mwake mumayamba timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo kamng'alu kalikonse kamatulutsa kaphokoso koti khutu la munthu silingamve. Masensa aja amatola kaphokosoko, kompyuta n'kuonetsa kadontho pamene pang'ambika. Bambo woyang'anira makinawo anali atalumikizako kasipika, kuti nafenso tizimva ndi makutu athu.

Ndiye zinangochitika kuti sabata yoyesa miyala yanga, amayi anabwera m'tauni kudzapimitsa maso. Titachoka kuchipatala ndinawatengera kulabotale. Analowa atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, n'kugwada pakhomo kupereka moni. Aphunzitsi anga, bambo wa imvi amene tonse tinkamuopa, anasowa chochita mpaka nawonso ananjuta pansi n'kuwomba m'manja.

Ndinawaonetsa mwala uli pamakina, mawaya ali lendelende.

"Uwu ndi wakumunda kuja?" anafunsa amayi. "Koma ndiye mwaumeta bwino."

Tinawaveka magalasi oteteza maso, tinatseka chitseko cha makina, ine n'kudina batani. Zitsulo zinayamba kufinya. Kasipika kali zii. Tinadikira, kali ziibe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina masensa sindinamate bwino.

"Musaukakamize," anatero amayi. "Ndi wakwathu umenewu, umachita manyazi pa alendo."

Asanatseke pakamwa, kunamveka kuti the! Kenako the, the! Pasikirini panaoneka timadontho tomwazikana. Amayi anasendera pafupi, khutu lili tcheru. Phokoso lija linachulukira mpaka linkamveka ngati chimanga chikuthetheka m'phale. Timadontho tija tinasiya kumwazikana, tinayamba kundandalika mzere umodzi wopendekeka.

"Amayi, mwauona mzerewo? Uswekera pamenepo."

"Wadziwa bwanji iwe, mwala uli bwinobwino chonchi?"

Phwaa! Mwala unagawanika potsata mzere womwewo. Amayi anadumpha, anakuwa m'Chilomwe, n'kugwira mkono wa aphunzitsi anga zolimba. Tonse tinafa nalo phwete, iwonso anaseka mpaka magalasi aja anachita nthunzi. Atapuma anati, "Ikaniponi wina."

Tinaikapo wina. Ulendo uno anali iwo woloza mzere ndi chala.

Ndikuwaperekeza kokwerera minibasi, anandifunsa kuti kuswa miyala kotereku phindu lake n'chiyani. Ndinawauza kuti thanthwe siligwa mwadzidzidzi monga timaganizira, limayamba ladandaula. Tikaphunzira kumva kudandaulako, anthu a m'migodi, ndi okumba misewu m'mapiri, akhoza kuchenjezedwa nthawi ilipo. Munthu wokulira m'munsi mwa Michesi safunika kumufotokozera zimene miyala imachita ikatsika ndi madzi.

"Ndiye uphunzire zenizeni," anatero. "Usamangosewera nayo."

Nditapita kumudzi patchuthi, ndinapeza nkhani ija itafika kale mpaka kumadimba. Amayi ankaifotokoza kuchigayo ndi kumsonkhano wa amayi a mvano, akuyeserera phokoso lonse ndi pakamwa, ndipo tsiku lililonse kuphulika kuja kunkakulirakulira. Ena anamva zoti denga la labotale linasasuka.

M'mawa wina mayi ena oyandikana nafe nyumba anafika atasenza mphero yawo. Anaitula pakhonde n'kunena kuti, "Mwanawe, tandimverera iyi. Yakhalitsa, mwina ili ndi zonena."

Ndinawauza kuti n'zotheka ndithu, kungoti kuti iyankhule ndiyenera kuipanikiza mpaka isweke. Mayiwo anandiyang'ana, anayang'ana mphero yawo, anakonza nkhata pamutu.

"Ingokhala chete," anatero. "Tandisenzetse."