Atelala Obereka Mwana Kumsana

Ngati munadutsapo pamsika wa Kawale zaka zimenezo, a Lajabu munawaona ndithu. Bambo wamtali, wowonda, kofiya yoyera kumutu, tepi m'khosi, mapazi akupalasa makina osokera pakhonde la golosale, kumsana kwawo khanda lili m'tulo m'chitenje. Ee, mwamva bwino: bambo wandevu zake, mwana kumbuyo.

Ine ndine Vaileti. Benchi yanga ya tomato ndi anyezi inali moyang'anizana ndi khondelo, ndiye izi si za m'maluwa ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

A Lajabu anabwera kuno kuchokera ku Mangochi ali mnyamata. Sukulu sanaiponde. Bambo awo ankaopa kuti kusukulu za amishoni akawasintha dzina ndi chipembedzo, choncho anangophunzira ku madrasa. Zimenezi zinkawapweteka mumtima, ngakhale sankakonda kuzinena. Akazi awo, a Fatu, anamwalira mu 2001 n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Karima, mtsikana wa mutu wakuthwa amene ankandiwerengera nyuzipepala zokulungira tomato ndisanazing'ambe.

Ali Fomu 2, mu 2003, Karima anatenga pathupi. Mwini mimba, kondakitala wa minibasi, atangomva analiyatsa liwiro, mpaka lero sitidziwa kumene ali. Kusukulu anati mtsikanayo apume kaye, akadzabereka akhoza kubwerera. Koma ndani ankabwerera? Kuno mtsikana akangoima, yunifomu yake inkasanduka chokolopera m'nyumba.

Khanda litabadwa n'kulitcha Shafiq, kunatulukira a Abdullah, mchimwene wa malemu a Fatu. Paja kwawoko mwini mbumba ndi malume, bambo mawu ake amabwera pambuyo. Anafikira pakhonde pomwepo, anthu tikumva.

"Alamu, mwanayu ndikumutenga," anatero a Abdullah. "Kumudzi kuli bambo wina wa chigayo, wavomera kumukwatira ndi khanda lomwe. Manyazi athe."

A Lajabu sanasiye kupalasa makina. "Mwanayu Januwale abwerera kusukulu."

"Sukulu? Nanga khandali alera ndani?"

"Ine."

A Abdullah anaseka mpaka kutsokomola, anyamata a bawo pansi pa mtengo n'kuwathandiza. Kenako anati, "Chabwino. Alembe mayeso a Fomu 2. Akalephera, kapena akasiyira panjira, ndibwera kudzamutenga ndipo musadzandiletse." A Lajabu anavomera, poti mwambo sunali kumbali yawo.

Sukulu itatsegulira, a Lajabu anabwera pabenchi panga ndi chitenje cha malemu akazi awo. "Mayi Vaileti, ndiphunzitseni kubereka mwana." Abale inu! Munthu wodziwa kusoka suti, koma mfundo ya chitenje inamuvuta ngati masamu. Mwana ankapendekekera uku, mwendo kutulukira uko. Tinalimbana nazo mpaka anazitolera.

Ndiye kunali chipongwe! Anyamata a bawo aja akamadutsa ankati, "Amayi Lajabu, mwaswera bwanji? Mwayamwitsa kale?" Azibambo ena anatenga nsalu zawo n'kupita kwa telala wina, amvekere sangasokeredwe buluku ndi mlezi wa ana. Ena anakadandaula kumzikiti, koma shehe anawayankha kuti sanawerengepo paliponse kuti msana wa mwamuna ndi woletsedwa kwa mdzukulu wake. A Lajabu ankangopitiriza ntchito yawo. Nthawi ya swala ikakwana ankandisiyira Shafiq n'kupita kukapemphera, akabwerako n'kumuberekanso. Mwanayo anazolowera phokoso la makina moti akangosiya kupalasa ankadzuka n'kuyamba kulira. Pa buleki Karima ankathamanga kudzayamwitsa kuseri kwa benchi yanga, n'kuthamanganso kubwerera.

Tsiku lina anabwera nthawi isanakwane, makope atawapanikiza pachifuwa, maso ali psuu. Aphunzitsi anamuitana kutsogolo kuti akalembe samu pabolodi, ndiye mkaka unatuluka n'kunyowetsa bulauzi. Anyamata a m'kalasi anayamba kulira ngati ng'ombe, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Atafika, Karima analowa kuseri kwa benchi yanga, anavula bulauziyo, anafunda chitenje changa, n'kuiponya pamapazi a bambo ake.

"Ababa, sindipitakonso. Itanani amalume, akandikwatitse basi."

Ine mtima unandiwira. Ndinafuna kupita kusukuluko ndikawapotokole makutu ana opanda mwambowo mmodzimmodzi. A Lajabu anangotola bulauzi ija, kuikung'untha fumbi, kuitembenuza. Kenako, maso ali pansi, anandifunsa funso limene mwamuna safunsa mkazi wa mwini.

"Mayi Vaileti, pepani. Kodi mkakawu umatuluka wochuluka bwanji?"

Ndinawauza zonse, manyazi ndinawaika pambali. Iwo anadula thewera latsopano la Shafiq, anang'amba nsalu ya ambulera yothyoka, n'kusoka timatumba m'kati mwa bulauzi: thewera lomwa mkaka m'kati, nsalu ya ambulera kutsogolo kwake kuti chinyezi chisadutse. Thewera likanyowa, unkangolisolola n'kuikamo lina. Kunja kwake sukanadziwa kanthu. Masana onsewo sanakhudze ntchito ya munthu wina. Atamaliza anathira madzi m'katimo ndi kapu, ife tikuyang'ana, ndipo kunja kunali gwa, kouma.

Bulauziyo anaipereka kwa Karima. "Ine sukulu anandiletsa ndi mantha a bambo anga. Iwe usaletsedwe ndi chakudya cha mwana wako. Vala."

Karima analira, inenso ndinalira, tomato osagulitsa. M'mawa mwake ndinamuona akudutsa, bulauzi ili mbee, mutu uli m'mwamba.

Mayeso aja anakhoza, ndipo a Abdullah sanabwere. Anakhozanso a Fomu 4, n'kupita kukoleji ya aphunzitsi. Koma nkhani ya bulauzi inali itayenda kale. Amayi anayamba kubwera pakhonde paja monong'ona, ena ochokera ku Biwi, ena ku Area 23, mpaka ku Chinsapo: "Atelala, tikufuna bulauzi ngati ija ya Karima." A Lajabu sankafunsa kuti mimba anapereka ndani, ankangofunsa kuti mwanayo ali kalasi yanji. Makanda anachuluka pamsika pathu nthawi ya sukulu, ndipo ife amayi tinkasinthana kuwanyamula. Msana wa a Lajabu wokha sukanakwana.

Pofika 2009 Karima anali mphunzitsi. Akaweruka ankayenda m'makomo momwe muli atsikana osiya sukulu, kukambirana ndi makolo, ndipo ambiri ankamumvera chifukwa ankadziwa kumene wachokera. Anyamata a bawo aja, ana awo akuphunzitsidwa ndi iye, anayamba kuvula zipewa: "Mwaswera bwanji, Madamu?" Ine ndikamva choncho ndinkanyada ngati ndinamubereka ndine.

Chaka chomwecho, tsiku lina masana, minibasi inatsitsa bambo wa imvi, kumbuyo kwake kamtsikana kali ndi khanda kumsana. Ndinachita kuyang'anitsitsa. A Abdullah! Anafika pakhonde, anapereka salamu, n'kuima nthawi yaitali akupotokola kofiya m'manja.

"Alamu," anatero potsiriza, "uyu ndi Zuhra, chitsirizira changa. Anali Fomu 1. Amalume ake akufuna kumukwatitsa, ndipo ine bambo wake mawu ndilibe. Ndachita kuthawa naye."

Ine pakamwa panga panali patadzaza kale mawu, ndipo akanandilola ndikanawakumbutsa chiseko chawo chija. A Lajabu anangondiyang'ana kamodzi, ndinameza. Anaimitsa makina, anavula tepi m'khosi.

"Imirira bwino, mwanangu, tikuyese."

Kenako anatsegula kabati ya makina, anatulutsa chitenje chakale chija cha a Fatu, n'kuchiika m'manja mwa mlamu wawo.

"Ichi n'cha mlongo wanu. Pitani apo kwa Mayi Vaileti akuphunzitseni mfundo. Imavuta poyamba pokha."